Fort Manning Idapita, Phiri la Mchinji Lidatsala

Anthu ambiri a m'mizinda yathu amaidziwa Mchinji ngati njira chabe. Ukakwera minibasi pa Lilongwe n'kutsata msewu wa M12 cha kuzambwe, umayenda makilomita pafupifupi 110, kudutsa Namitete ndi Kamwendo, ndipo tulo tisanakome wafika kale pa boma. Ambiri safuna n'kutsika komwe. Maso amakhala ali pa malire a Mwami, maganizo ali ku Chipata kokapikula katundu. Phiri lalitali lomwe laima kumbuyo kwa tauniyo amangolionera pa windo. Koma ine ndikuti m'tsinde mwa phiri limeneli mudachitika zinthu zazikulu, ndipo pamwamba pake ndi pomwe pamatumphuka madzi omwe amamwetsa maboma angapo a m'chigawo chapakati.

Tiyambe ndi dzina. Agogo athu akamasimba za ulendo wa kumeneko sankati Mchinji, ankati Fort Manning. Dzinali lidachokera kwa msilikali wa Chingerezi, William Manning, yemwe pambuyo pake adakhala bwanamkubwa wa Nyasaland, kenaka wa Jamaica ndi Ceylon. Kuti dzina la mzunguyu lifike pokhala pa mapu athu, padakhetsedwa mwazi.

Eni nthaka a derali ndi Achewa, ndipo imodzi mwa mafumu awo otchuka idali Mkanda, dzina lomwe lilipo mpaka lero. Angoni adabwera pambuyo. Adaoloka Zambezi mu Novembala 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, tsiku lomwe kadamsana adaphimba dzuwa. Zwangendaba atamwalira kumpoto, m'dziko la Ufipa, ana ake ndi nduna zake adagawikana. Mpezeni adabwerera kumwera ndi gulu lake, nakhazikika m'dziko la Ansenga ndi Achewa, m'mapiri ozungulira pomwe pali Chipata lero. Mikondo yake idafika mpaka kuno kwa Mkanda. Ichi n'chifukwa chake m'boma la Mchinji muli mafumu a Chingoni monga Zulu ndi Mlonyeni, ndipo ukatchera khutu pa msika umamva Chichewa chikusakanikirana ndi Chinsenga.

Tsoka la Mpezeni lidadza ndi pepala. Mzungu wina wamalonda wa ku Germany, Carl Wiese, adapeza kwa mfumuyo chilolezo chomwe adakachigulitsa kwa kampani ya North Charterland. Azungu a kampaniyo adamva mphekesera yoti m'dziko la Angoni muli golide wosaneneka, ndiye adalowa ndi mapiki awo ngati kwawo. Anyamata a Chingoni, motsogozedwa ndi Nsingo mwana wa Mpezeni, adaona kuti dziko likupita. Kumapeto kwa 1897 zinthu zidafika pa mwana wakana phala, ndipo mu Januwale 1898 asilikali a boma la atsamunda adanyamuka kuchokera mbali ya kuno ku Nyasaland, ena mwa iwo Asikh ochokera ku India, ena anthu akuda anzathu ovala yunifomu, atanyamula mfuti zazikulu.

Chishango cha chikopa sichitchinga chipolopolo, amangwetu. M'masabata ochepa midzi idatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zidalandidwa, ndipo Nsingo adagwidwa n'kuomberedwa mu Febuluwale 1898 anthu ake akuona. Mpezeni, nkhalamba tsopano, adadzipereka. Adamusunga pa Fort Manning kwa nthawi, n'kudzamubweza kwawo komwe adamwalira mu 1900. Golide wochuluka uja sadapezeke. Tsono linga lomwe lidabala boma la Mchinji lidamangidwa kuti liziyang'anira anthu ogonja, ndipo ufulu utabwera tidachita bwino kulichotsa dzinalo, monga momwe Fort Johnston idasandukira Mangochi, Fort Hill n'kukhala Chitipa, ndipo kutsidya Fort Jameson n'kukhala Chipata.

Malire enieniwo nkhani yake njodabwitsa. Atsamunda sadafunse mfumu iliyonse. Adangotsata msana wa mtunda: mvula yomwe yagwa n'kutsetserekera kuvuma, kulinga ku nyanja yathu, imeneyo ndi ya Nyasaland, yomwe yatsetserekera kuzambwe, kulinga ku Luangwa, ndi ya Northern Rhodesia. Madzi adagawa anthu a mtundu umodzi. Mpaka lero alipo mabanja oti malume ali ku Zambia, mphwawo ali ku Malawi, koma maliro amalira limodzi. Mu Febuluwale Angoni a ku Mchinji amaoloka kupita ku Mtenguleni ku mwambo wa Ncwala, womwe udazilala nkhondo ija itatha n'kudzatsitsimuka mu 1980. Mu Ogasiti Achewa amapita ku Mkaika, ku Katete, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi pamodzi ndi abale awo a ku Zambia ndi Mozambique.

Utsi wa mfuti utangozilala kudabwera a mabuku. Amishoni a Dutch Reformed adatsegula Magwero, kutsidya kwa malire, mu 1899, ndipo mu 1914 anzawo a mbali ya Nkhoma adamanga mishoni ya Mchinji. Ansembe a White Fathers adafika pa Kachebere mu 1903. Mu 1939 pamalopo padatsegulidwa seminale yaikulu yomwe kwa zaka zambiri idaphunzitsa ansembe a maiko awiri, Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Patrick Kalilombe, yemwe adadzakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, adadutsa pamenepa. Emmanuel Milingo wa ku Zambia nayenso adaphunzira pomwepa. Kwa munthu wokonda nyumba zakale, Kachebere ndi malo oyamba kuwaona: makoma a njerwa zootcha, makonde aatali, phiri lili pamsana ndipo Zambia ili pafupi poti mbuzi itha kukadya msipu n'kubwerako. Palinso mishoni ya Guilleme, yomwe idatenga dzina la Episkopi Mathurin Guillemé, ndi Ludzi komwe asisitere akhala akuphunzitsa atsikana.

Njanji idafika mochedwa. Boma la Dr Kamuzu Banda, ndi thandizo la dziko la Canada, lidaifikitsa ku Lilongwe kuchokera ku Salima mu 1979, ndipo mu 1980 idafika ku Mchinji. Cholinga chidali choti ilumikizane ndi Zambia, koma kachigawo kakafupi kofika ku Chipata kadadikira zaka 30, mpaka kudzatsegulidwa mu 2010. Mu Disembala 2022 atsogoleri a maiko awiriwa, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, adatsegula ofesi imodzi ya pamalire kuti woyenda asamaime kawiri.

Malire omwewa ali ndi chilonda china chomwe sitiyenera kuchibisa. Pa 24 Disembala 1981, Orton Chirwa, yemwe adali mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party, ndi mkazi wake Vera adagwidwa m'dera la malire a Chipata ndi Mchinji. Boma lidati adalowa okha m'dziko muno. Iwo adati adachita kubedwa ali ku Zambia. Bwalo la mafumu lidawagamula kuti aphedwe mu 1983, chilango chomwe chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Vera adatuluka mu Januwale 1993. Kwa zaka zambiri nkhaniyi inkakambidwa monong'ona. Lero tili ndi ufulu woikamba masana, ndiye tiziikamba.

Nanga mlendo akaone chiyani? Ndisanayankhe, ndikupatseni chitsanzo cha kutali. Ku Bulgaria, m'mapiri a Rhodope, kuli tauni yotchedwa Velingrad. Idapangidwa mu 1948 pophatikiza midzi itatu, ndipo adaitcha dzina la mtsikana, Vela Peeva, yemwe adafa mu 1944 akulimbana ndi boma la nthawi imeneyo. Chuma cha tauniyi ndi akasupe a madzi otentha, nkhalango ndi mpweya wa kuphiri. Anthu amalipira ndalama zawo kuti akasambe, akapume, akayende pansi pa mitengo. Kuno kwathu akasupe otentha odziwika ali kumunsi, m'chigwa cha nyanja ndi Shire, monga ku Chiweta, ku Nkhotakota ndi ku Liwonde. Mchinji mphatso yake ndi ina: madzi ozizira a kuphiri, mpweya wa pamtunda, ndi mbiri yoti maboma ena angaisirire. Kusiyana kwathu ndi a ku Bulgaria n'kwakuti anzathuwo adadziwa msanga kuti phiri loimirira ndi mitengo yake limalipira chaka ndi chaka.

M'mapiri a Mchinji ndi momwe mumayambira mtsinje wa Bua. Umayamba ngati kamfuleni koti mwana atha kudumpha, n'kumakula polandira Rusa ndi mitsinje ina, kudutsa m'madambo a chigawo chapakati, kulowa m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, mpaka kukathira m'nyanja. Mpasa zomwe zimakwera Bua kukaswana zimadalira madzi a kuphiri kuno. Atsamunda omwe, ndi nkhanza zawo zonse, adaona kufunika kwake ndipo adaika phirili kukhala nkhalango yotetezedwa. Muli mitengo ya chilengedwe, misuku, bowa wa dzinja ndi mbalame zosiyanasiyana. Ukakwera pamwamba nthawi ya chisanu, kusanachite utsi wa lupsa, maso amaona maiko awiri nthawi imodzi. Ukatsika, pa Kamwendo kapena pa Kapiri pali mtedza womwe udatchukitsa bomali, ndipo m'midzi muli ingoma ya Angoni ndi gule wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005.

Koma pitani pamsewu m'mamawa muwerenge njinga zonyamula matumba a makala. Ine sindiloza chala bambo wopalasa njingayo, poti naye ali ndi ana ofuna phala. Makalawo tikuphikira ndife a m'tauni, ife tomwe timagula nyuzipepala ino. Zigafa za fodya nazo zidadya mitengo yosawerengeka m'maesiteti. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 600,000 m'bomali, ndipo aliyense akufuna munda ndi nkhuni. Phiri likameteka mpala, mvula imathamanga pamwamba osalowa pansi, dzinja Bua amasefukira ndi matope, chilimwe n'kuphwa. Wolira sadzakhala wa ku Mchinji yekha. Adzalira ndi mlimi wa ku Kasungu ndi msodzi wa ku Nkhotakota.

Akuluakulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Mu 2006 atolankhani a dziko lonse adakhamukira ku Mchinji chifukwa woimba wa ku America, Madonna, adadzatenga mwana pa malo osungira ana amasiye. Adajambula, adapita, ndipo dziko lidaiwala. Sitingadikire mlendo wina wotchuka kuti atikumbutse zathu. Ndikadakonda khonsolo ya bomali, mafumu ndi a zankhalango atakhala pansi n'kukonza tinjira tokwerera phiri, achinyamata a m'midzi yozungulira n'kumalandira kangachepe poperekeza alendo. Ndikadakondanso mwana wa sukulu wa kwa Mlonyeni atamadziwa kuti Nsingo adali yani asanaloweze mayina a mafumu a ku Ulaya.

Ndipo inu awerengi, tsiku lina mukadzakwera ya ku malire, dzauzeni kondakitala kuti akutsitseni pa boma. Chipata sithawa, mudzaipeza mawa.