Njinga ya malaiti yonyamula katundu: kasamalidwe kace ndi zimene mungasinthe

Mabanja ambiri kuno ku Chongwe amadyera njinga. Alimi a mkaka a ku Palabana akhala akunyamula zigubu kupita nazo ku koparetivu pa njinga za Buffalo, za bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005. Keliya ya njinga zimenezi inapangidwa kuti izisenza makilogalamu 100. Tsopano kwabwera njinga zokhala ndi mota ndi batire, ndipo ena mwa inu mwakhala mukutifunsa ngati ziyenera misewu yathu. Talemba pano zofunika kudziwa musanataye ndalama zanu.

Zigawo zace

Njinga ya malaiti ndi njinga wamba imene aonjezerako zinthu zinai: batire, mota, kabokosi kolamulira mphamvu kochedwa controller, ndi chaja. Mota imakhala pakati pa gudumu kapena pamene pali mapedulo. Ya pagudumu ndi yochipa ndipo sivuta kusamala. Ya pamapedulo imakwera bwino citunda ndi katundu, koma imadya cheni msanga.

Ulendo wotalika bwanji?

Pa batire pamalembedwa manambala awiri, V ndi Ah. Mukawaculukitsa mumapeza mphamvu yonse: batire ya 48V 15Ah ili ndi 720Wh. Njinga yolemedwa ndi katundu imadya 15Wh mpaka 20Wh pa kilomita imodzi, ndiye kuti batire yotere ingakufikitseni makilomita 36 mpaka 48. Kucokera ku boma la Chongwe kufika ku Lusaka pa Great East Road ndi makilomita pafupifupi 45. Motero musayembekeze kupita ndi kubwerako osachaja. Mcenga, mphepo ndi matayala ophwa zimafupikitsanso ulendo. Kupalasa ponyamuka ndi pacitunda kumapulumutsa mphamvu yambiri.

Kusamala batire

Batire ndiyo cigawo codula koposa, ndiponso ndiyo ingathe kutentha nyumba. Sewenzetsani chaja yace yokha. Pa mabatire a lithium ofala, ya 36V imafuna chaja yolembedwa 42V, ndipo ya 48V imafuna ya 54.6V. Chaja yobwereka ingalowe bwino pabowo koma n'kuononga batire.

Mukafika paulendo, lekani batire izizire musanaichaje, makamaka m'mwezi wa October. Musaisiye padzuwa. Ichajireni pa simenti, kutali ndi matilesi, udzu, palafini kapena petulo, ndipo isakhale pakhomo potulukira. Chaja ya 2A imatenga maola pafupifupi 8 kudzaza batire ya 15Ah. Tonse tikumbukira 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kubwera usiku. Nthawi zotere munthu amafuna kulumikiza chaja n'kukagona. Tikupemphani kuti pakhale wamkulu ali maso, ndipo aicotse ikadzala.

Panelo ya sola musailumikize ku batire mwacindunji. Pafunika inverter kapena controller yoyenera batire yanuyo. Ngati njinga ikhala mwezi osayenda, sungani batire ili ndi mphamvu ya theka. Batire yotupa, yonunkha, yosweka kapena imene inamira m'madzi musaichajenso. Itulutseni panja, kutali ndi ana, ndipo musaiponye m'dzala kapena pamoto.

Zoyang'ana nthawi zonse

M'mawa uliwonse finyani matayala, yesani mabuleki onse, ndi kuona ngati batire yakhoma bwino pamalo pace. Tayala lapambuyo likhale lolimba monga mwa nambala yolembedwa m'mbali mwace.

Sabata iliyonse pukutani cheni ndi kansalu, dontheziranimo oilo pang'ono, kenaka pukutaninso. Oilo wambiri amakoka fumbi, ndipo fumbi losakanikira ndi oilo limapera cheni. Gwirani masipoko awiriawiri. Imodzi ikaduka, isintheni tsiku lomwelo, cifukwa zinzace zimatsatira ndipo limu imapindika.

Mwezi uliwonse mangani manati a keliya, a magudumu ndi a citsulo coimikira. Onani mabuleki: njinga ya mota imathamanga ndiponso imalemera, motero amatha msanga kusiyana ndi a njinga wamba. Tsatirani mawaya ndi cala, makamaka waya wotuluka pa mota, kuti muone ngati sanakhuzuke.

Nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, musaoloke madzi ofika pa mota. Tsikani, funani njira ina. Tsukani matope ndi nsalu yonyowa mutacotsa batire, osati ndi paipi ya ku car wash.

Zimene mungasinthe

Yambani ndi mabuleki, osati liwiro. Ngati njinga ili ndi mabuleki a disc, makaniko angaikepo disc yaikulupo, monga ya 180mm m'malo mwa 160mm. Kenaka gulani matayala ocindikala osabooka msanga, masipoko olimba, coimikira ca miyendo iwiri, ndi nyali kutsogolo ndi kumbuyo. Pogula batire yaciwiri, V ikhale yofanana ndi yoyamba. Ah ndiyo ingakhale yaikulupo.

Amene mufuna kuika mota pa Buffalo yanu, dziwani kuti mtundu wakale umaima popalasa cobwerera, ndiye kuti buleki ili m'gudumu lapambuyo. Mukaikapo gudumu la mota pamenepo, buleki mwacotsa. Mota ikapita kutsogolo, pafunika kacitsulo kochedwa torque arm kogwira foloko, ndiponso buleki yaciwiri. Musalole wina kumasula malire a liwiro pa controller.

Pomaliza, yezani katundu. Lita imodzi ya mkaka imaposa pang'ono kilogalamu imodzi, motero zigubu ziwiri za malita 20 zapitirira kale makilogalamu 40. Zimangeni mofanana mbali zonse, zolemera zikhale m'munsi. Musanalipire njinga iliyonse, funsani wogulitsa mafunso atatu: batire yatsopano ndi ndalama zingati, masipeya apezeka kuti, ndipo ndani pafupi nafe adziwa kuikonza. Akalephera kuyankha, sungani ndalama zanu.