Jim Henson, mnyamata amene anasoka chule ndi chikhoto cha amayi ake

Mwana wa ku Kasiya akapeza dongo kudambo sachedwa kuumba ng'ombe ya nyanga zazitali, n'kuyamba kuilizira yekha ndi pakamwa. Mtsikana amabereka chitsononkho kumsana, kuchitonthoza, kuchikalipira chikakana kugona. Akuluakulu timangoti ndi zachibwana, adzasiya akakula. Komatu ku America kunali munthu amene sanasiye, ndipo kulankhulitsa zidole kunakhala ntchito yake mpaka dziko lonse linamudziwa. Dzina lake ndi Jim Henson, ndipo mbiri yake ndi yoyenera kuti alezi a sukulu za mkombaphala ndi aphunzitsi a Sitandade 1 aziifotokozera ana, kuyambira ku Kasiya mpaka ku Nsaru ndi Kabudula.

Henson anabadwa pa 24 September 1936 ku Greenville m'chigawo cha Mississippi, nakulira m'katauni ka Leland, dera la alimi a thonje. Bambo ake anali katswiri wa zaulimi wolembedwa ndi boma. Mwana amene amaona alangizi akuyendera minda ya fodya ndi mtedza samva chilendo pamenepa. Jim ankakonda kusewera kumtsinje wa Deer Creek, ndipo agogo ake aakazi, omwe ankadziwa kusoka ndi kujambula, ndiwo anamulimbikitsa kugwiritsa ntchito manja ake.

Banja lawo litasamukira ku Maryland, pafupi ndi Washington, mnyamatayo anatengeka mtima ndi wailesi ya kanema, imene inali yatsopano masiku amenewo. Chimene ankafuna kwenikweni n'kugwira ntchito kukanemako. Mu 1954 siteshoni ina inkafuna achinyamata odziwa kuseweretsa zidole. Iye sankadziwa, koma anakabwereka mabuku ku laibulale, napanga zidole zake, ntchito n'kuipeza. Chaka chotsatira, ali wophunzira pa University of Maryland, anayamba pulogalamu ya mphindi zisanu yotchedwa Sam and Friends pamodzi ndi mnzake wa m'kalasi Jane Nebel, amene anadzamanga naye banja mu 1959.

M'pulogalamu imeneyi ndi mmene munabadwira chidole chotchedwa Kermit. Henson anatenga chikhoto chakale chimene amayi ake anasiya kuvala, nachidula n'kuchisoka kuti dzanja lizilowa bwino mpaka kukamwa. Maso anapanga podula pakati kampira koyera ka ping-pong. Poyamba kanthuko kankaoneka ngati buluzi, uchule unadza pambuyo pake. Chidole choyambacho lero chikusungidwa ku Smithsonian, malo osungirako zinthu zakale mu Washington, ndipo anthu amachita kupita kukaona nsanza imene ikanatayidwa kudzala.

Luso lake lenileni linali pa zinthu ziwiri. Zidole zambiri za nthawiyo zinali zosema pamtengo, nkhope yake yosasintha. Iye anasankha nsalu ndi siponji, kotero kuti akangopinda zala pang'ono nkhope ya chidole inkaoneka yokwiya, yamanyazi kapena yodabwa. Chachiwiri, anasiya kubisala kuseri kwa kabokosi ngati mmene ankachitira anzake. Ankaimika mkono m'mwamba, kamera n'kumajambula chidole chokha, iye maso ali pa kanema wamng'ono amene anali pansi, kuona zomwezo zimene owonera kunyumba akuona. Manja a chidole ankawayendetsa ndi timawaya. Ntchitoyi ndi yowawa mapewa, ndipo chidole china chimafuna anthu awiri, wina pakamwa ndi dzanja limodzi, wina dzanja linalo.

Pa 10 November 1969 inayamba pulogalamu ya Sesame Street, imene Joan Ganz Cooney ndi anzake anaikonza kuti ana a m'mabanja osauka adziwe malembo ndi manambala asanayambe sukulu. Zidole za Henson ndizo zinagwira mitima ya ana: Big Bird, mbalame yachikasu yaitali kuposa munthu wamkulu, Cookie Monster wokonda mabisiketi, Ernie ndi Bert amene Henson ankawaseweretsa ndi mnzake Frank Oz. Henson atafuna kupanga pulogalamu ya banja lonse, makampani akuluakulu a kanema kwawo anamukana. Anamulandira ndi Lew Grade wa ku England, ndipo The Muppet Show inajambulidwa kumeneko kuyambira 1976 mpaka 1981, n'kuonetsedwa m'mayiko ambirimbiri. Henson anamwalira pa 16 May 1990 ali ndi zaka 53, atadwala matenda amene poyamba anawayesa chimfine wamba, n'kuchedwa kupita kuchipatala.

Ntchito yake inapitirira kuno kum'mwera kwa Africa iye atapita kale. Ku South Africa anayambitsa Takalani Sesame m'chaka cha 2000, ndipo mu 2002 anabweretsamo Kami, chidole cha mtsikana wa zaka zisanu yemwe ali ndi HIV, mayi ake atamwalira ndi Edzi. Ambiri timakumbukira mmene zinalili zaka zimenezo, pamene pamaliro tinkangoti malemu adwala nthawi yaitali. Chidole chinanena poyera zimene akuluakulu ankachita nazo manyazi, ndipo ana ankamvetsera. Ku South Africa komweko kuli Handspring Puppet Company imene Adrian Kohler ndi Basil Jones anayambitsa ndi anzawo ku Cape Town mu 1981, yomwe inapanga mahatchi akuluakulu a sewero la War Horse ku London mu 2007. Ku Mali nako kuli Yaya Coulibaly, wochokera m'banja limene lakhala likusema ndi kuseweretsa zidole kwa mibadwo yambiri. Mwana asaganize kuti lusoli ndi la azungu okha.

M'midzi yambiri yozungulira Kasiya mulibe magetsi, ndipo ana ochuluka Kermit sanamuonepo. Ine ndikuona kuti zimenezi sizilepheretsa kanthu. Aphunzitsi athu anaphunzitsidwa kale TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo. Sokosi imodzi ya pakaunjika imene inasowa inzake, mabatani awiri, singano ndi ulusi, chule watheka. Chitenje chomangidwa pakati pa mitengo iwiri chikwanira kubisa mlezi. Nkhaniyo iyambe monga nthano zathu zimayambira, ana ayankhe kuti tili tonse, ndipo aifotokoze ndi chule mwiniwake: ine ndinali chikhoto cha amayi a Jim, tsiku lina anandidula ndi sizasi. Zaka ndi mayina a mizinda ndi za aphunzitsi, mwana wa zaka zinayi asavutitsidwe nazo. Iye akumbuke mtsinje, agogo osoka, chikhoto, ndi anthu amene anakana Jim iye osataya mtima. Akafunsa ngati Jim ali moyo, auzidwe zoona, poti ana a kumudzi maliro amawadziwa. Chule yekha ndiye akusewerabe m'manja mwa anthu ena.

Chinthu chimodzi chofunika kusamala m'dera lachichewa ngati ili: zidole zisasakanizidwe ndi gule wamkulu. Za kudambwe zili ndi eni ake ndi mwambo wake, ndipo mlezi amene angaziyerekeze ndi sokosi yolankhula adzayambana ndi mafumu ndi makolo pachabe.

Nthano ikatha, chidolecho chichoke m'manja mwa mlezi chipite kwa ana, ndipo ayambire uja amakhala kumbuyo osatsegula pakamwa. Mwana wamanyazi nthawi zambiri amalankhula momasuka pamene maso a anzake ali pa chule. Tsiku lotsatira aliyense abwere ndi chake, chadongo, chachitsononkho kapena chansanza, achitche dzina, ndipo Kalulu ndi Fisi akangane kuseri kwa chitenje makolo akuonerera.