Mpeni wa Laguiole: mudzi unasula, dzina linapita ndi ena

Ogulitsa mipeni yopinda ya Laguiole amakonda kunena kuti kanjuchi kachitsulo kamene kali pamsana pa mpeniwo kanali mphatso ya Napoleon kwa asilikali olimba mtima a m'mudzimo. Imeneyi ndi nkhani yokometsera malonda basi. Napoleon anamwalira mu 1821, pamene mpeniwo akuti unayamba kusulidwa cha mu 1829, ndipo kanjuchiko kanabwera patapita zaka makumi angapo.

Laguiole ndi mudzi wa anthu pafupifupi 1,200 kumapiri a Aubrac, kumwera kwa France, kwa oweta ng'ombe. Amene amatchulidwa kuti anayambitsa mpeniwu ndi Pierre-Jean Calmels. Cha mu 1840 osula anawonjezerapo kachitsulo kosongoka kobowolera mimba ya ng'ombe ikatupidwa, ndipo cha mu 1880 anaikapo chotsegulira botolo la vinyo, popeza anyamata akumeneko anali atayamba kupita ku Paris kukagwira ntchito m'malo omwera.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, ntchito yosula inazilala m'mudzimo. Kwa zaka zambiri mipeni yochuluka ya dzinali inkapangidwa ku Thiers, tauni ya osula mipeni yomwe ili kutali ndi Aubrac. Choncho wonena kuti mpeni weniweni ndi wa m'mudzimo wokha akuiwala amene anausunga wamoyo.

Mu 1987 kusula kunayambiranso ku Laguiole, ndipo katswiri wa kamangidwe ka zinthu, Philippe Starck, anaupatsa mpeniwo maonekedwe amakono. Unasanduka wa patebulo la anthu andalama. Apa ndi pomwe panagona vuto: maonekedwe atsopano mwini wake angathe kuwalembetsa, koma thupi la mpeni wa makolo lilibe mwini pamaso pa lamulo. Dzina nalo linali pambalambanda, aliyense akuyesa kuti dzina la mudzi silingatoledwe.

Linatoledwa mu 1993. Wamalonda wina wa kufupi ndi Paris analembetsa mawu oti Laguiole ngati chizindikiro chake cha malonda pa magulu 38 a katundu, n'kuyamba kubwereketsa dzinalo kwa oitanitsa katundu kunja, makamaka ku China. Zovala ndi ziwiya zapakhomo zinatuluka ndi dzina la mudzi umene sizinafikeko n'komwe. Eni mudzi akafuna kulemba dzina la kwawo pa katundu wotere ankaopa mlandu.

Mu 2012 khoti la ku Paris linakana dandaulo la mudziwo, ponena kuti dzinalo linasanduka la mtundu wa mpeni chabe. Mu September chaka chomwecho anthu anazula chikwangwani cha dzina la mudzi pamsewu, kusonyeza kuti alandidwa. Apilo ya mu 2014 inalepherekanso, mudzi n'kulamulidwa kulipira mayuro 100,000. Zinthu zinatembenuka mu 2016 pamene khoti lalikulu linafafaniza mbali ina ya chigamulocho, ndipo mu 2019 zizindikiro 20 za wamalonda uja zinathetsedwa.

Komatu mipeni yotchipa ya ku China ndi ku Pakistan sinachoke pamsika. Ogula amaitcha feki, pomwe wopanga aliyense anali ndi ufulu wosula mpeni wa maonekedwe amenewo, kanjuchi ndi dzina lomwe. Chinyengo chenicheni chinkayamba pokhapokha wina akaba chidindo cha wosula mnzake kapena kunama za dziko limene mpeniwo wachokera.

Lamulo la mu 2014 linalola kuti ntchito zamanja zizitetezedwa potengera dera limene zimachokera. M'malo mogwirizana, osula a ku Laguiole ndi a ku Thiers anayamba kulimbirana chitetezocho. Mu 2022 chinaperekedwa ku gulu lophatikiza madera onse awiri, a m'mudzimo anakadandaula, ndipo mu July 2024 khoti la ku Aix-en-Provence linachifafaniza.