Nyumba ya Mapepala ya ku Kwekwe ndi Malire a 1910

Ife okhala ku Harare tikamadutsa m'Workington mbandakucha, maso athu amazolowera njerwa, malata ndi utsi wa mafakitale, moti timaiwala kuti matauni a dziko lino anayamba ndi mitengo. Wofuna umboni atsate msewu wa ku Bulawayo makilomita oposa 200 mpaka ku Kwekwe. Kumeneko kwaima nyumba yotchedwa Paper House, imene inamangidwa cha m'ma 1894 kuti azikhalamo mkulu wa mgodi wa golide wa Globe and Phoenix.

Nyumbayi inachokera ku Britain ili zidutswazidutswa. Nthawiyo njanji inali isanafike ngakhale ku Bulawayo, kumene inafika mu 1897, choncho katundu aliyense ankayenda pa ngolo za ng'ombe ndipo kupepuka kunali chuma. N'chifukwa chake amisiri anaimika mizati ndi mitanda yamatabwa, nakutira waya wolukana, kenaka n'kumatapo phala la mapepala lomwe likauma limalimba. Amene anakulira kumudzi aseka pano, chifukwa uku n'kuphoma kumene: nsichi, mbalo ndi dothi, kungoti dothi la Mngelezi linali pepala. Anaikwezanso pa miyendo monga nkhokwe. Mapepala amene mvula ya sabata imodzi ikanawasungunula akhala zaka zoposa 125.

Lero ili m'manja mwa National Museums and Monuments of Zimbabwe, pa malo osungirapo mbiri ya migodi, ndipo n'koyenera kutero. Lamulo lokhazikitsa bungweli limatinso wofuna kugwetsa kapena kusintha nyumba yomangidwa chisanafike chaka cha 1910 ayambe walidziwitsa.

Pa malire a 1910 amenewa m'pamene mtima wanga sukhazikika. Amene ankatsika pansi ku Globe and Phoenix, ambiri a iwo anali ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Tete. Ankagona m'komboni, m'timisasa timene palibe anaganiza zotisunga. M'makomboni otere ndi m'mene gule wamkulu anazika mizu m'dziko lino, ndi m'menenso Chinyanja chinasanduka chilankhulo cha kumigodi. Ku Harare nakonso, mahositelo a Matapi ku Mbare ndi nyumba za anthu a njanji ku Rugare, kumene agogo athu ankadzukira kupita ku ntchito ku Workington, zinamangidwa 1910 itadutsa kalekale. Chitetezo chodza ndi zaka chokha sichizikhudza, pokhapokha boma litazilengeza mwapadera kuti ndi chikumbutso cha dziko.

Mlendo wofika ku Kwekwe amaonetsedwa chipinda cha bwana mmodzi. Akafuna kudziwa pamene mazana a antchito ake ankapeka moto madzulo, ayenera kufunsa nkhalamba za m'deralo, ndipo zimenezo zikutha chaka ndi chaka.