Kuphunzitsa sayansi ndi zinthu zooneka

Iyi ndi njira imene mphunzitsi amagwiritsa ntchito zithunzi, matchati kapena zinthu zogwirika kuti ophunzira ayambe alosera, aone okha, kenaka aunikenso zomwe amaganiza poyamba. M'Malawi muno imayendera limodzi ndi TALULAR, mfundo yophunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalopo imene bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi limalimbikitsa, komanso ndi pulogalamu ya SMASSE ya m'sekondale, yomwe idayamba mu 2004 mothandizidwa ndi JICA ya ku Japan.

Ku Msongwe mumzinda wa Mzuzu, komwe mvula imagwa yambiri pamalo otsetsereka, phunziro la kukokoloka kwa nthaka silisowa labotale. Mabotolo awiri apulasitiki amadulidwa m'litali n'kupendeketsedwa. Lina limadzazidwa dothi lokha, linalo dothi la udzu ndi mizu yake. Asanathire madzi, mwana aliyense amajambula m'kope zomwe akuyembekezera. Madzi a m'botolo loyamba amatuluka ambiri ndiponso amatope, enawo amangodontha oyererako. Phindu lenileni lili pa funso lotsatira: "Chithunzi chako chasiyana pati ndi zimene waonazi, nanga n'chifukwa chiyani?" Mphunzitsi wothamangira kumaliza silabasi amalumpha funsoli, ndipo ana amangokopera tchati.