Jinja, chikasu ndi chifuwa cha machona ku Arcturus

Mukafika ku Arcturus m'mwezi wa June, pamene chisanu cha ku Mashonaland chimalowa mpaka m'mafupa, si zachilendo kupeza kampoto kakuwira pamoto m'nyumba za kukomboni. M'menemo mumakhala madzi, jinja wosinja, ndimu, ndipo masiku ano ena amathiramonso ufa wachikasu umene m'masitolo amaulemba kuti turmeric. Wowiritsayo mwina ndi mdzukulu wa munthu amene anachoka ku Dedza, Ntcheu kapena Mangochi kalekale osabwereranso, ndipo Chichewa chake chinasakanikirana ndi Chishona. Kapu imeneyi ili ndi mbiri yaitali, ndipo kuidziwa kumathandiza kusiyanitsa zimene tiyiyu angachite ndi zimene sangathe.

Jinja ndi chikasu ndi zomera za banja limodzi, ndipo kwawo ndi ku Asia. Ku India akhala akuzilima kwa zaka zikwi zingapo, ndipo mpaka lero dzikolo ndi limene limakolola chikasu chambiri padziko lonse. Zombo zoyenda ndi mphepo zinkabweretsa nsalu, mikanda ndi zokometsera ndiwo kumadoko ngati Kilwa ndi Sofala, kenaka katunduyo ankalowa kumtunda. Aswahili amati tangawizi akamanena jinja, Ashona amati tsangamidzi, ndipo chikasu Aswahili amachitcha manjano. Kwathu mawu akuti chikasu ndi dzina la muzu komanso la mtundu, ndipo ena amatchula nalo jinja yemwe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 Amwenye atayamba kutsegula masitolo ku Nyasaland, ufa wa kale, umene mtundu wake umachokera ku chikasu, unayamba kudziwika m'makhitchini ambiri.

Tiyi weniweni, wa masamba, anabwera mochedwa. Cha m'ma 1891 Henry Brown anadzala tiyi ku Mulanje, ndipo pambuyo pake minda inafalikira mpaka ku Thyolo. Ambiri mwa olima mindayo ankagwira thangata, ntchito yolipirira malo okhala pa esiteti ya mzungu. Ku Southern Rhodesia tiyi anayamba kulimidwa ku Chipinge m'zaka za m'ma 1920, ndipo n'kumene kunachokera dzina la Tanganda limene aliyense ku Zimbabwe amalidziwa.

Thangata ndi msonkho wa nyumba zinathamangitsa amuna ambiri m'midzi. Mu 1903 kunakhazikitsidwa Rhodesia Native Labour Bureau, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, ndipo anthu ankatcha ntchito yake chibalo. Ena ankazemba bungweli n'kuyenda okha wapansi kwa milungu ingapo, kuwoloka Zambezi ku Tete, kudzera ku Mutoko, kulunjika ku Salisbury, kumene makolo athu ankati ku Halale. Mu 1935 komiti ya boma la Nyasaland inadandaula kuti midzi yatsala ndi akazi, ana ndi nkhalamba zokha. Chaka chotsatira maboma a Nyasaland ndi Rhodesia ziwiri zija anagwirizana za kayendedwe ka antchito, ndipo kenaka kunabwera malole onyamula anthu kwaulere, otchedwa Ulere. Amene sanabwerere kumudzi anatchedwa machona.

Arcturus ali m'boma la Goromonzi, makilomita pafupifupi 30 kum'mawa kwa Harare, kufupi ndi msewu wochokera ku Mutoko. Munthu wotopa ndi ulendo ankatha kuima pomwepo, kulembedwa pa mgodi wa golide kapena pa famu ya fodya ndi chimanga. M'makomboni a malo otere Achewa anamanga madambwe a gule wamkulu, Ayao anamanga mizikiti, ndipo onse anakhazikitsa magulu othandizana pa maliro, poti munthu kutali ndi kwawo sangadziike yekha m'manda.

Maliro analidi ambiri. Wolemba mbiri Charles van Onselen, m'buku lake la mu 1976 lotchedwa Chibaro, anafotokoza za moyo wa m'migodi ya Southern Rhodesia kuyambira 1900 mpaka 1933. Chakudya chachikulu cha antchito chinali ufa wa chimanga, ndiwo zinali zochepa, ndipo ankagona mothithikana m'nyumba zozizira. Chibayo chinkapha anthu ochuluka, komanso matenda otupitsa nkhama amene amadza munthu akasowa zipatso ndi ndiwo zamasamba. Mu 1918 mliri wa fuluwenza unasesa m'makomboni. Kuwonjezera apo, fumbi la miyala yobooledwa pansi pa mgodi limakhazikika m'mapapo, kuwaumitsa pang'onopang'ono, ndi kutsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB. Munthu ankatha kusiya ntchito akuoneka wathanzi, n'kuyamba kubanika patapita zaka.

M'moyo wotere chakumwa chotentha chinali chithandizo chapafupi. Tiyi ndi shuga zinkagulidwa kusitolo ya pa mgodi kapena pa famu, nthawi zambiri pa ngongole. Jinja anali ndi ubwino woti sawonongeka msanga, ndipo kachidutswa kakang'ono kamakwanira mpoto wonse. Mayi womva mwamuna wake akutsokomola usiku ankachita zimene akanatha. Kukhosi kunkafewa, thupi linkatenthedwa, munthu ankagona. Koma fumbi la m'mapapo silinkachoka.

Mibadwo yotsatira inakhala ndi tizipatala tating'ono pa migodi ndi pa mafamu ena. Zinthu zinasinthanso kuyambira 2000, pamene boma la Zimbabwe linayamba kulanda ndi kugawa mafamu akuluakulu. Antchito ambiri, omwe gawo lalikulu anali ana ndi adzukulu a anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, anataya ntchito ndi nyumba, ndipo analibe mudzi wothawirako. Lamulo la mu 2001 linachititsa ambiri kutaya unzika chifukwa cha kumene makolo awo anabadwira, mpaka malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anatsegulanso njira kwa obadwira m'dzikomo. Mgodi wa Arcturus nawo unasintha eni: mu 2002 unachoka m'manja mwa Lonmin kupita kwa Metallon, ndipo pambuyo pake unagulitsidwanso. Mu 2008, ndalama zitasanduka mapepala, zipatala za boma zinasowa mankhwala. Nthawi zonse zoterezi anthu ankabwerera ku kampoto kaja. Covid-19 itafika mu 2020 ndi 2021, mitengo ya jinja, mandimu ndi adyo inakwera, zumbani anasakidwa m'tchire monse, ndipo mauthenga a pa WhatsApp ankalonjeza kuti zimenezi zimapha kachilombo. Panalibe umboni wotero.

Nanga zoona n'ziti? Kafukufuku wasonyeza kuti jinja amachepetsa mseru, makamaka kwa amayi oyembekezera, akamamwa pang'ono. Chikasu chili ndi mankhwala otchedwa curcumin, amene anapatulidwa koyamba mu 1815, ndipo pali umboni wina woti amachepetsako ululu wa nyamakazi ya m'mawondo. Vuto n'lakuti thupi limayamwa curcumin wochepa kwambiri. Tsabola wakuda ndi mafuta zimathandiza kuti alowe bwino. Nzeru zakale za chikasu n'zamtengo ndithu: mu 1995 dziko la United States linapereka umwini wa njira yopoletsera mabala ndi chikasu kwa ofufuza a ku Mississippi, koma mu 1997 linauchotsa India atasonyeza kuti anthu ake akhala akuchita zimenezo kuyambira makedzana.

Kukonza tiyiyu n'kosavuta. Tsukani kachidutswa ka jinja kofanana ndi nsonga ya chala chachikulu, kasinjeni, muthire theka la supuni yaing'ono ya chikasu m'makapu awiri a madzi, muwiritse mphindi khumi, musefe, kenaka mufinyire ndimu. Kapu imodzi kapena ziwiri pa tsiku n'zokwanira munthu wamkulu. Amene amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ngati warfarin, kapena ali ndi timiyala m'ndulu, ayambe afunsa kuchipatala. Mapiritsi a chikasu ogulitsidwa m'mabotolo ndi nkhani ina: ku Italy mu 2019 anthu ena anadwala chiwindi atamwa mapiritsi otere. Ku Bangladesh kunapezekanso ufa wa chikasu wosakanizidwa ndi utoto wokhala ndi mtovu kuti uwale, choncho muzu wosinja nokha ndi wodalirika kuposa ufa wosadziwika kochokera.

Agogo aja ankamwa jinja chifukwa analibe china. Adzukulu awo, amene ambiri lero amakumba golide m'maenje ang'onoang'ono popanda chotchinga kukamwa, akupuma fumbi lomwelo, koma iwo ali ndi mwayi umene agogo analibe: TB imayezedwa ndipo imachira ndi mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri, makamaka chikabwera ndi thukuta la usiku, kuwonda kapena magazi m'makhololo, munthu apite akayezetse. Tiyi adzamwa akabwerako.