Swindon, tauni imene inaleredwa ndi njanji

M'chaka cha 1840, Swindon kanali katauni kamsika pamwamba pa kaphiri m'chigawo cha Wiltshire ku England. Anthu ake sankakwana ndi 2,500 omwe, ndipo kumunsi kwa kaphiriko kunali madambo odyetsako ng'ombe. Pofika 1901 anthu anali atafika cha m'ma 45,000, ndipo ambiri mwa iwo ankadya thukuta la ntchito ya kampani imodzi, ya Great Western Railway.

Anayambitsa zonsezi ndi mnyamata wina, Daniel Gooch, amene Isambard Kingdom Brunel, injiniya wamkulu wa kampaniyo, anamulemba ntchito yoyang'anira injini za sitima mu 1837 ali ndi zaka 20 zokha. Njanji yochokera ku London kupita ku Bristol inkafuna malo okonzerako injini, ndipo Gooch analoza Swindon. Zifukwa zake zinali zomveka. Kuchoka ku London kufika ku Swindon njanji ndi yosalala, koma kupitirira apo kuli zitunda, choncho pankafunika kusintha injini. Pomwepo m'pamene panapatukira njanji yopita ku Cheltenham, komanso panali ngalande ya Wilts and Berks yobweretsa malasha kuchokera ku Somerset. Fakitale inatsegulidwa mu Januwale 1843, ndipo mu 1846 inayamba kutulutsa injini zopangidwira konko. Njanji ya Brunel inali yotakata mamita opitirira pang'ono 2, kuwirikiza kawiri njanji yathu ya kuno ku Malawi, ndipo inagwira ntchito mpaka 1892.

Vuto linali kogona. Amisiri ankachokera kumpoto kwa England ndi ku Scotland, pambuyo pake kunabweranso osula zitsulo a ku Wales, koma m'madambomo munalibe nyumba. Kampani inamangitsa mudzi wa nyumba zamiyala pafupifupi 300, misewu yake n'kuitcha mayina a masiteshoni monga Bristol, Exeter, Taunton, Oxford ndi Reading. Pozionera kutali zinali zokongola, koma m'kati anthu anali othithikana, madzi abwino osowa, ngalande za zonyansa zosalongosoka. Matenda opatsirana anatenga ana ambiri m'zaka zoyambirirazo, ndipo kufakitale ngozi zinali za tsiku ndi tsiku.

Apa m'pamene ine ndimaona mbiri yeniyeni ya Swindon. Mu 1847, ntchito itachepa ndipo anthu ambiri atachotsedwa, antchito anakhazikitsa thumba lawo la zaumoyo lotchedwa GWR Medical Fund Society, Gooch akuwathandiza. Aliyense ankadulidwa kangachepe pa malipiro ake, ndipo akadwala iye, mkazi wake kapena mwana, ankaonana ndi dokotala n'kulandira mankhwala osalipiranso. Thumbalo linakula pang'onopang'ono. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1870 linatsegula chipatala cha ovulala, kenaka kunabwera madokotala a mano ndi a maso, mabafa osambira ngakhalenso dziwe losambiramo. Munthu akaduka mwendo pantchito, akalipentala a m'fakitale momwemo ankamusemera wina wamtengo. Boma la Britain linadzakhazikitsa chithandizo chaulere cha m'zipatala, National Health Service, mu 1948, patapita zaka 101, ndipo anthu a ku Swindon amanena monyadira kuti nduna imene inatsogolera ntchitoyo, Aneurin Bevan, inaonera kwa iwo. Kaya anaoneradi zochuluka motani, chosatsutsika n'chakuti anthu ovala maovolosi amafuta anali atazichita kale ndi makobidi awo.

Anachitanso chimodzimodzi ndi maphunziro. Gulu la amisiri linayamba kubwerekana mabuku, ndipo mu 1844 linasanduka bungwe la Mechanics' Institution, limene nyumba yake inatsegulidwa mu 1855. Munali laibulale, makalasi a madzulo, zisudzo ndi magule. Bungwe lomweli ndi limene linkakonza ulendo wa chaka ndi chaka wotchedwa Trip, pamene mu Julaye fakitale inkatsekedwa ndipo mabanja zikwizikwi ankakwera sitima ulere kupita kunyanja, makamaka ku Weymouth. Ana ankaudikira ulendowu chaka chonse. Koma kufikira 1938 masiku amenewo sankalipidwa, ndiye pobwerera mabanja ambiri ankapeza ngongole itawadikirira pakhomo.

Tisanamizane, kampaniyi sinali mayi wachifundo. Amene anazinena mosabisa ndi Alfred Williams, mwana wa m'mudzi wa South Marston, wobadwa mu 1877. Anagwira ntchito pa nyundo yoyendera nthunzi kwa zaka zoposa 20, pamoto ndi utsi, koma usiku ndi m'bandakucha ankadziphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki mpaka kulemba ndakatulo. Buku lake la Life in a Railway Factory linatuluka mu 1915, iye atasiya kale ntchito chifukwa cha kudwala. Akanalitulutsa akadali pantchito akanamuthamangitsa, pakuti linafotokoza za akapitawo ankhanza, za phokoso logonthetsa m'makutu ndi za amuna amene ankatayidwa mphamvu zikangowathera. Ku Swindon komweko bukulo silinagulidwe kwenikweni. Williams anamwalira mu 1930 ali wosauka, ndipo mkazi wake Mary anamutsatira patangopita masabata ochepa.

Mbiri ya akuluakulu nayo ili ndi chisoni chake. George Jackson Churchward, amene anakhala meya woyamba pamene tauni yakale ya pakaphiri ndi yatsopano ya kunjanji zinaphatikizidwa mu 1900, ndiye anapanga mapulani a injini zimene zinatchukitsa Swindon. M'nthawi yake m'fakitalemo munatuluka injini ya City of Truro, ya mu 1903, imene amati chaka chotsatira inathamanga liwiro loposa makilomita 160 pa ola. Atapuma pantchito anakhalabe m'nyumba yoyandikana ndi njanji. M'mawa wina wa nkhungu mu Disembala 1933, maso ndi makutu zitafooka, anapita kukayang'ana njanji imene ankaikayikira, ndipo sitima yothamanga yochokera ku siteshoni ya Paddington ku London inamugunda n'kufera pomwepo. Injini yake inali yopangidwa ku Swindon.

Pachimake pa ntchito, fakitaleyi inkalemba anthu oposa 14,000. Lipenga lake la nthunzi linkamveka m'midzi yakutali, ndipo ndilo linkadzutsa tauni yonse. Koma boma litatenga makampani a sitima mu 1948 zinthu zinayamba kutsika. Mu Malichi 1960 munatuluka Evening Star, injini yanthunzi yomaliza kupangidwa ndi kampani ya boma ya British Railways. Uthenga wotseka fakitale unabwera mu 1985, chaka chimene anthu ankakonzekera kukondwerera zaka 150 za Great Western Railway, ndipo antchito okwiya anakana kuchita nawo chikondwererocho. Lipenga linalira komaliza pa 26 Malichi 1986.

Ena ntchitoyi inawatsatira mpaka kunyumba. Injini ndi mabogi ankazikuta ndi asibesitosi, ndipo fumbi lake linkangoti mbuu m'mashedi, amuna akulipuma opanda chowateteza. Patapita zaka makumi angapo ambiri anayamba kufa ndi khansa ya m'chifuwa yotchedwa mesothelioma, imene inafala kwambiri moti anthu anangoitcha matenda a Swindon. Akazi ena anaitenga pochapa zovala za amuna awo. Pamene tikusirira injini zonyezimira, tiziwerengeranso anthu amenewa pa mtengo wake.

Lero mashedi ena akale ndi sitolo za zovala za Designer Outlet, zimene zinatsegulidwa mu 1997, ndipo pambali pake pali nyumba yosungiramo zakale ya STEAM, ya mu 2000. Mudzi wa amisiri uja unapulumuka pamene ankafuna kuugwetsa m'zaka za m'ma 1960, mlakatuli John Betjeman ali m'gulu la ouikira kumbuyo, ndipo anthu akukhalamobe. Koma nyumba ya Mechanics' Institution inatsekedwa mu 1986 momwemo, ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikungowonongeka, mazenera otchingidwa ndi matabwa, eni ake akusinthanasinthana popanda woikonza. Injini anazipukuta n'kuziika pabwino, koma nyumba imene antchito ankaphunziriramo anaisiya pamvula. Swindon ili ndi ngongole kwa anthu amenewo, ndipo iyenera kuyamba kuibweza pokonza nyumbayo.